Chingwe cha a Malume ndi Maenje Akuda a Kumwamba

"Chingwe changa chili kuti, mwana wa njoka iwe?"

A malume anali atandigwira khutu, akulipotokola mpaka ndinachita kunyang'ama. Amayi anatulukira pakhomo, tsache lili m'manja.

"Achimwene, ndiye kuti njokayo ndine?"

A malume anandigwedeza ngati mtengo wa masuku, nafunsanso. Ndinati sindikudziwa. Anafunsa kachitatu, ndinati sindikudziwa, uku ndikuwayang'ana m'maso, chinthu chimene mwana wa kwathu sachita. Ndinkanama. Ndinali nditachibisa ndekha dzulo lake madzulo, ndipo ndinali wokonzeka kuti khutulo lithothoke koma chingwecho chisapezeke.

Chinali chabuluu, cha nayiloni, chonenepa ngati chala chachikulu cha kuphazi. A malume anapatsidwa ndi dalaivala wina wa lole pa boda ya Mwami, atamuthandiza kusintha tayala dzuwa likuswa mtengo. Chinkanunkha dizilo ndi matope, ndipo ukachigwira nthawi yaitali chinkasupula m'manja. Ntchito ya a malume inali yokumba zitsime. Ndowa ya dothi inkakwera pa chingwe cha luzi, choluka okha. Chabuluucho chinali cha munthu. Mbali ina ankamanga m'chiuno, ina pa chipika chopingasa pakamwa pa chitsime. Sankalowa pansi opanda icho, ndipo ine ndinadalira chimenecho. Ndinati popanda chingwe salowa. Ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri, ndipo ndinkadziona ngati wanzeru kuposa mudzi wonse.

Panali pa chilala chachiwiri. Osati chija tinadya chimanga chachikasu, koma chotsatira chake, anthu asanawongoke n'komwe. Bambo anali atamwalira zaka ziwiri zapitazo, ndiye a malume, mlongo wawo wa amayi, anabwera kudzakhala nafe kumudzi kwathu, kum'mawa kwa Chipata. Chimene bambo anatisiyira chinali dimba la m'dambo ndi chitsime chimene anakumba okha. Repu ndi tomato wa m'dimbamo amayi ankakagulitsa m'tauni Loweruka lililonse, ndipo ndiye ankatidyetsa. Pofika Okutobala chitsimecho chinkangotulutsa ndowa ziwiri pa tsiku, madzi ake ofiira ngati tiyi wamkaka. Unkachita kudikira kuti alowe, kenaka n'kutunga ndi kambale. Mjigo unali ku mishoni, ulendo wa theka la m'mawa, ndipo pa mzere wa kumeneko amayi ena ankang'ambirana mipango. Dambo lonse linang'ambika ming'alu yoti mkono wanga unkalowa mpaka pa chigongono.

A malume anayendayenda m'dimba masiku awiri, akugogoda pansi ndi chidendene. Kenaka anati mtsempha wa madzi ukudutsa pambali pa chitsime cha bambo, mapazi atatu okha. Anati akumba chatsopano pomwepo, chakuya kuposa chakale, ndipo akafika pansi aboola khoma la pakati kuti madzi a zitsime zonse ziwiri azisonkhana pamodzi. Amayi anavomera. Akanakana bwanji? Tomato anali atayamba kupinda masamba.

Ndinkakonda kuwaonerera akugwira ntchito. Asanalowe ankatsitsa koloboyi woyaka pa luzi. Akazima, ankati mpweya wa pansi wavunda, n'kudikira. Akapitiriza kuyaka, ankachita chizindikiro cha mtanda, kulavulira m'manja, n'kutsika, mapazi akuponda timaenje timene anaboola m'khoma. Palibe ankaloledwa kukhala pamphepete n'kulendewetsa miyendo. Akakoka luzi kawiri, amayi kapena a neba athu ankakweza ndowa. Zonsezi zinali bwino mpaka tsiku limene aphunzitsi anabwera m'kalasi ndi magazini yong'ambika chikuto.

Aphunzitsi athu a giredi seveni anali mnyamata wa m'tauni, woonda, wovala tayi ngakhale potentha. Magaziniyo anaitola kunyumba kwa ansembe. Tsiku limenelo choko chinali chitatha, ndiye anati atiuza za kumwamba. Anayamba ndi nsangwe, kagulu ka nyenyezi kaja akuluakulu amayang'ana mvula ikayandikira. Anati nsangwe ndi kagulu kakang'ono chabe. Kutali kuli magulu ena a nyenyezi zosawerengeka, zothinana ngati anthu pa siteshoni ya basi ya ku Lusaka kumapeto kwa mwezi. Anati nyenyezi yaikulu ikakalamba moto n'kutha, imagwera mkati mwa iyo yokha, imafinyika mpaka kusanduka dzenje lakuda. Limakoka chilichonse choyandikira, ndipo cholowamo sichituluka, ngakhale kuwala. Popeza maenjewo ndi olemera, amatsikira pakati pa gululo, monga miyala imatsalira pansi ukamatsuka mpunga. Pakatipo amakumana, awiri n'kugwirana, kuyamba kuzungulirana. Lina likadutsa pafupi amalikankhira kutali, iwo n'kuyandikana kwambiri. Amazungulira, amazungulira, liwiro likukula, mpaka agundane n'kukhala limodzi.

Mpaka apa tinkangoseka. Mnzanga wina anati ndiye chimodzimodzi mitala ya kwawo.

Kenaka aphunzitsi anabwereka chitenje kwa mtsikana wina. Anaimika atsikana anayi kuti agwire ngodya zake, achikoke mpaka chilimbe. Cha kumphepete anaikapo njere imodzi ya mtedza. Anatenga miyala iwiri yolemera, yobulungira, naigubuduza pa chitenjepo. Inazungulirana kawiri, katatu, kenaka go! Chitenje chonse chinanjenjemera, ndipo mtedza uja unadumpha n'kugwera pansi.

"Mtedzawu ndi ife," anatero.

Anati maenje aja akagundana, thambo lenilenilo limanjenjemera ngati chitenjechi, ndipo kunjenjemerako kumayenda ngati mafunde a m'beseni ukaponyamo mwala. Palibe chotchinga. Funde lotere limadutsa m'mwezi, m'phiri, m'thupi la munthu, likutalikitsa ndi kufupikitsa chilichonse. Anati azungu akumanga makina oti alimve, koma palibe amene analimvapo. Belu linalira. Anzanga anathamangira mpira. Ine ndinatsala ndikuyang'ana mtedza uja pansi mpaka wina anauponda.

Pasakhale wondiyesa chitsiru. Sindinaganize kuti chitsime ndi nyenyezi. Nzeru zanga zinayenda bwinobwino, ndipo n'chifukwa chake zinandipweteka. Ngati funde limenelo limadutsa pansi, likukoka ndi kufinya dothi, nanga munthu amene ali pansi pa chitsime, pambali pake pali khoma lopyapyala la mchenga, chimuchitikire n'chiyani? Ndinapita kudimba madzulo amenewo, ndinaona ming'alu ya m'dambo ija ndi maso ena. Ndinati si dzuwa lokha lachita izi. Mafunde ena adutsa kale.

Mantha a mwana ndi oipa chifukwa alibe tchuthi. Ndinayamba kuika mbale ya madzi pansi kuseri kwa nyumba n'kumaiyang'ana. Madzi akangosuntha pang'ono, ndinkati funde lafika. Ndinkagona chafufumimba m'munda, khutu pansi, kumvetsera. Ndinkamva ndithu. Lero ndikudziwa kuti anali malole a ku Mwami akudutsa pa msewu waukulu, koma nthawi imeneyo ndinkadzuka n'kuthamangira kudimba, mapazi akupsa, kukangopeza ndowa ikukwera monga mwa masiku onse ndipo a malume akuimba nyimbo ya kwaya pansi. Dzuwa likalowa sindinkayang'ananso kumwamba. Ndinkayenda chowerama ngati ndataya ndalama. Chakudya chinkandikanira pakhosi, pa chaka choti ana anzanga ankanyambita mbale. Amayi anati ndili ndi njoka za m'mimba, nandimwetsa madzi owawa a makungwa.

Ndinawauza amayi. Anamvetsera akusenda mtedza, kenaka anati zakumwamba n'za Mulungu, ndipo ngati zikundivuta ndinene Tikuoneni Maria katatu. Ndinanena kakhumi. Sizinathandize. Ndinawauza a malume akusamba matope ndi madzi a m'kapu. Anaseka mpaka kutsokomola.

"Aphunzitsi akowo, ndi tayi yawoyo, anakumbapo ngakhale chimbudzi?"

Ndinati sanakumbepo koma anawerenga.

"Ndiye awerenge madzi atuluke. Nyenyezi zimenyane kwawoko, ife tili ndi tomato."

Ndinapsa mtima, ndinaponya kapu yawo kutchire. Mkwiyo umenewu ndi wa kumtundu kwa amayi. Ndili nawo mpaka lero, ana anga akhoza kuchitira umboni, ndipo a malume anali nawo woposa wanga. Tsiku limenelo anangondimenya khofi pamutu n'kundituma kukatola kapuyo.

Ndinatsala ndi munthu mmodzi. Ndinawadikira aphunzitsi pa mtengo wa mango wa kusukulu, ndinawafunsa ngati fundelo limafika ndi pansi pomwe, pansi pakuya. Nkhope yawo inawala. Palibe mwana anali atawafunsapo funso la sayansi kunja kwa kalasi. Anati limafika, limaboola dziko lonse n'kutulukira mbali inayo ngati palibe kanthu. Ndinafunsa kuti limabwera liti. Anati palibe akudziwa. Mwina maenje ena anagundana kalekale, makolo a makolo athu asanabadwe, ndipo funde lake lakhala likuyenda nthawi yonseyi, litifika mawa. "Mwinanso likutidutsa panopa tikulankhula," anatero akumwetulira, nandisisita pamutu. Anati ndidzakhala wasayansi.

Sindinakhale wasayansi. Ndinalekeza fomu faifi, ndimagulitsa zitsulo za njinga. Koma zaka zambiri pambuyo pake, ndili pa shopu, ndinawerenga m'nyuzi kuti makina aja analimva fundelo, lochokera ku maenje awiri amene anagundana kutali kosaneneka. Anafotokozanso kukula kwake. Akuti n'lochepa moti silingasunthe ngakhale kanjere kamodzi ka mchenga, silingagwedeze tsitsi la mwana wakhanda. Ndinaimenyetsa nyuziyo pa kauntala mpaka kasitomala anathawa. Mawu amodzi okha! Aphunzitsi akanangoti, mwana iwe, n'chinthu chaching'ono, sungachimve. Mwina ananena m'kalasi muja ine maso ali pa mtedza. Mwina belu linawadula. Sindikudziwa. Ndakhala ndikuwakwiyira ndi kuwakhululukira mosinthanasinthana, ndipo lero ndili pakati. Munthu ukamauza ana za zinthu zazikulu, uwauzenso malire ake. Mwana alibe sikelo.

Sabata yachitatu, a malume anatuluka m'chitsime miyendo ili ndi matope onyowa. Anati afika. Khoma la pakati latsala mkono umodzi ndi theka, mawa aboola. Amayi anaomba m'manja, nalulutira pang'ono. Ine sindinaombe nawo. Mawa ndiye tsiku limene khomalo lidzakhale lopyapyala kuposa masiku onse, iwo atagwada pansi pake.

Dzuwa litapendeka, a malume atapita kukacheza kwa a neba, ndinatenga chingwe pa msomali wa pakhonde. Ndinadziwa kuti m'nkhokwe akafufuza, pa denga akafufuza. Ndinaoloka dambo mpaka ku katchalitchi kathu ka udzu, kumene ansembe ankabwera kamodzi pa mwezi. Chitseko chinkangomangidwa ndi waya. Pakona panali ng'oma yaikulu ya kwaya, yotseguka kunsi. Ndinapinda chingwe, ndinachikankhira m'mimba mwa ng'omayo, n'kuiimikanso. Ndinagwada pang'ono potuluka. Ndinkakhulupirira kuti ine ndi Mulungu tagwirizana.

Ndiye kunacha ndi khutu langa m'dzanja la a malume.

Atatopa nane anafufuza m'nkhokwe, pa denga, m'khola la nkhuku. Anapita kwa a neba, nabwerako chimanjamanja. Amayi anati mwina adutsa akuba, adikire, Loweruka akafunsa chingwe china m'tauni. A malume anati Loweruka tomato adzakhala atasanduka fodya. Anatembenuka n'kundiloza ndi piki.

"Ukuganiza kuti wandimanga miyendo? Ndinayamba kulowa m'zitsime iwe usanaganiziridwe."

Ananyamula piki ndi fosholo yaifupi, nayamba kupita kudimba.

Apa ndi pamene nzeru zanga zonse zinagwa. Sindinaganizepo, ngakhale kamodzi, kuti angalowe opanda chingwe. Ndinawatsatira, amayi ali pambuyo akuwadandaulira, "Achimwene, tsiku limodzi lokha." Ndikanatha kunena pamenepo. Mawu anali pakamwa. Koma ndinkati akafika pakamwa pa chitsime aima, ayang'ana pansi, abwerera. Sanaime. Sanatsitse ngakhale koloboyi. Mtanda anachita mwachangu ngati akuthamangitsa ntchentche, kenaka mutu wawo unalowa pansi. Mkwiyo ndi umene unawatsitsa, ndipo mkwiyowo ndinauyatsa ndine.

Sindinapite kusukulu. Ndinakhala pa mulu wa dothi limene anafukula, mapazi onse awiri nditawaponda pansi mwamphamvu kuti ndimve chilichonse chodutsa. Amayi ankakweza ndowa osandiyang'ana. Dzuwa linakwera. Nyenje zinkalira m'mitengo mpaka m'makutu kuwawa. Pansi pankamveka piki, du, du, du, kenaka kupuma, kenaka du, du. Sanaimbe tsiku limenelo. Ndinawerenga ndowa zisanu ndi ziwiri.

Sikunali phokoso lalikulu. Kunamveka ngati thumba la chimanga lagwa kuchokera pa ngolo. Koma ndinalimva kumapazi. Pansi panagwedezeka kamodzi, pang'ono, ndipo fumbi linatuluka pakamwa pa zitsime zonse ziwiri nthawi imodzi. Ndinati lafika. Mkodzo unatsika m'miyendo, wotentha, ndipo sindinachite nawo manyazi.

Amayi anakuwa mawu amene sindinawamvepo, ngakhale pa maliro a bambo. Anagwada pamphepete, pomwe pankaletsedwa paja, akuitana. Kenaka kunamveka kutsokomola.

"Mlongo... ndilipo. Landigwira mpaka m'chiuno. Mwendo sindikuumva."

A neba ndi mwana wawo wamkulu anafika akuthamanga kuchokera ku dimba lawo. Anasuzumira, nati timaenje topondamo tagumuka kuyambira pakati mpaka pansi, palibe njira yotsikira. Anayesa luzi lija. Mwana wawo atangolendewera pang'ono pamphepete, linaduka. Amayi anavula chitenje, namanga ndi mpango, namanga ndi malaya a a neba. Sizinafike ngakhale theka. Pansi a malume analankhulanso, mawu ali chapansipansi.

"Madzi ako aja tawapeza, mlongo. Afika pa nthiti."

Khoma litagwa, madzi a chitsime cha bambo anayamba kutsikira m'chatsopano, monga momwe iwo anafunira.

Pano ndinene chimene sindinauzepo ana anga. Sindinalankhule nthawi yomweyo. Ndinaima. Ndinamva a neba akufunsa kuti chingwe chabuluu chija chili kuti, ndinamva amayi akuti chabedwa, ndipo ndinaima. Ndinkaopa kumenyedwa. Munthu akumira m'matope, ine ndikuganiza za matako anga. Sindikudziwa kuti panapita nthawi yotalika bwanji. Mwina kupuma kasanu. Ndakhala ndikukuwerenga kupuma kumeneko zaka makumi atatu ndipo sikuchepa.

"Chili m'ng'oma," ndinatero. "Kutchalitchi."

Amayi anatembenuka. Sanandimenye, sanatukwane. Anandiyang'ana ngati akuona mlendo. Kenaka anati, "Thamanga."

Ndinathamanga. Ziputu za chimanga zinandicheka, minga inalowa m'chidendene, sindinaime kuizula. Phazi linalowa m'mng'alu, ndinagwa, ndinadzuka. Waya wa pachitseko unandikanira, ndinaukoka mpaka chala kutuluka magazi. Ndinaigwetsa ng'oma, inalira yokha pansi, ndinasolola chingwe. Pobwerera chinkalemera ngati mbuzi yakufa, chikumasuka, chikundikola m'miyendo. Njira yonse ndinkayang'ana pansi, ndikupempha kuti lachiwiri lisabwere ndisanafike. Aphunzitsi anali atanena kuti maenjewo ndi ambiri.

Mwana wa a neba ndiye anatsika, chingwe chili m'chiuno. Anafukula ndi manja ndi kambale kotungira, madzi ali pa chifuwa cha a malume. Ife pamwamba tinkangomva kupuma kwawo ndi matope akugwa. Kenaka anawamanga m'khwapa, ndipo a neba, amayi, ine ndi amayi ena awiri amene anabwera atamva kukuwa tinakoka. Nayiloni inandisupula m'manja monse. Anatuluka mutu woyamba, wotuwa ngati chinyau, maso okha ofiira. Mwendo wakumanja unali utapindika pansi pa bondo, pamalo pamene mwendo supindika.

Anawagoneka pa mthunzi wa nthochi. A neba anadula nsungwi ziwiri n'kuumanga mwendowo, a malume akuluma chipewa. Ng'ombe za a neba zinali kutali kofuna msipu, ndiye anati ngolo iwatengera kuchipatala m'mamawa. Palibe anandimenya, ndipo zimenezo zinandiwawa kuposa ndodo. Ndinayamba kukuwa. Ndinati ndinakuuzani! Ndinati funde lija ladutsa, ndalimva ndekha kumapazi, munandiseka, mwaona tsopano! Ndinkalira, mamina ali pakamwa, ndikuwaloza a malume ndi chala chamagazi.

"Tseka pakamwa," anatero amayi, mosakweza mawu.

A neba anapukusa mutu, nati mchenga wa m'dambo suboola chammbali, anawauza kale. A malume anandiyang'ana nthawi yaitali, osakwiya, osaseka. Kenaka anatseka maso.

Lero ndikudziwa bwino chimene chinagwetsa khomalo. Mchenga wonyowa, piki, ndi munthu wokwiya wokumba mofulumira. Chimene ndinamva kumapazi chinali dothi lomwelo likugwa. Ndikudziwanso kuti chingwe sichikanaletsa khoma kugwa, koma akanakhala nacho m'chiuno sitikanadikira kuti mwana aoloke dambo kawiri madzi akukwera. Koma tsiku limenelo ndinagona ndili wotsimikiza chinthu chimodzi: mwendo ukapola alowanso. Ndinkawadziwa. Akanati akachotse dothi logumukalo, ntchito ya masiku awiri okha, madzi alipo kale. Ndipo kumwamba kuja, pakati pa nyenyezi zothinana, ena awiri anali akuzungulirana.

Kutacha, anthu ali pa ntchito yomanga ng'ombe pa ngolo, ndinatenga khasu la amayi n'kupita kudimba. Ndinasuzumira. Pansi pankanyezimira madzi ambiri, ochuluka kuposa amene tinaona miyezi itatu. Ndinakwera pa mulu wa dothi lija a malume anafukula masabata atatu, ndinayamba kulikokera m'chitsime chatsopano, chimene tsopano chinali chitalumikizana ndi cha bambo. Khasu loyamba linatenga nthawi kuti limveke, kenaka phava! Manja osupuka aja ankayaka moto. Ndinapitiriza. Ndinagubuduzamo ndi miyala ya m'malire a dimba.

Njira ya ngolo inkadutsa m'mphepete mwa dambo. Amayi ndiwo anayamba kundiona. Anadumpha, akuthamanga, chitenje chili m'manja.

"Iwe! Wapenga? Madzi amenewo! Chitsime cha bambo ako!"

Anandilanda khasu, nakweza dzanja. Sindinathawe. Ndinati mundiphe, koma muno salowanso munthu.

"Mlongo."

A malume anali atadzuka pang'ono pa ngolo, atatsamira thumba la udzu.

"Mlekeni akwirire."

"Achimwene, tomato? Timwa chiyani?"

"Ndati mlekeni."

Amayi anaima, khasu lili m'manja, akuyang'ana ine, akuyang'ana ngolo, akuyang'ana masamba a repu amene anali atagona kale ndi dzuwa la m'mawa. Kenaka analiponya pansi patsogolo panga. Anauza a neba kuti atsogole, awapeza kuchipatala masana. Anatola ndowa ziwiri, imodzi pamutu ina m'manja, nalowera njira ya ku mishoni osacheuka.

Ine ndinadzitukumula. Ndinati a malume avomera, aona kuti aphunzitsi sananame, mwana wa njoka wapambana. Ndinaona kuti nthawi yonse imene ankalankhula nkhope inali kumapiri, osayang'ana ngakhale kamodzi kumene kunali chitsime, ndinati ndi dzuwa. Zoti munthu wamkulu, wa ndevu, wotukwana, angafune kuti mwana amutsekere khomo limene iye sangathe kulitseka yekha pamaso pa mlongo wake, sizikanalowa m'mutu mwanga.

Ngolo inapita, mawilo akulira. Ndinatola khasu, ndinalavulira m'manja, ndinakokanso dothi. Pofika dzuwa pamutu phava uja anali atasiya kumveka, dothi likungogwera pa dothi linzake.